Mayi anga alibe "job"

Kalata yanga yoyamba yofunsira ntchito ndinailembera pa mkeka kwathu ku Ndirande, nditangomaliza mayeso a MSCE. Ndinatsegula ndi mawu akuti "I am looking for a work", ndipo ndinkadzimva kuti ndaswa chizungu. Amalume, omwe anali kalaliki pa kampani ina ku Limbe, ataiwerenga anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, 'work' sawerenga ngati mbuzi. Chowerengeka ndi 'job': a job, two jobs."

Ndinawafunsa kuti nanga unduna uja wa Public Works bwanji uli ndi "s" kumapeto? Anangoti imeneyo ndi nkhani ya misewu ndi milatho, ndisawasokoneze.

Ife mawu ndi amodzi. Wopita kumunda wapita ku ntchito, wa ku ofesi wapita ku ntchito, ngakhale foni yakufa timati yasiya kugwira ntchito. Mzungu anaiduladula ngati nyama ya pa bucha. Ntchito imodzi imene bwana wakupatsa kuti uimalize ndi "task". Kusesa ndi kutsuka mbale ndi "chores". Akakutuma kukagula sopo kugolosale, imeneyo ndi "errand". Mlonda ndi namwino amawerenga ma "shift". "Career" ndiye mawu a anthu okhuta, amene ntchito yawo ili ndi makwerero.

Ganyu amamutcha "piecework", ndipo msuweni wanga amene ali ku Johannesburg amati kumeneko ndi "piece job": lero kutchetcha kapinga, mawa kupenta mpanda, mkuja kungokhala. Ndimaona kuti mawu athu ndi olemera kuposa amenewa. Mu ganyu muli fungo la njala ya mu Febuluwale, munthu akupalira munda wa mnzake kuti alandire mbale ya ufa, wake womwe ukumera tchire.

Chimene chinandiwawa chinachitika ndikuthandiza mayi kulemba fomu. Pa mzere wa "occupation" ndinaima. Mtsikana wa pa kauntala anafunsa ngati mayi amalandira malipiro pa mwezi. Nditati ayi, anati, "Basi lembani unemployed."

Sikuti analakwitsa chizungu. "Employment" nthawi zambiri imafuna wolemba ntchito ndi malipiro, ndipo mayi sanalembedwepo ntchito ndi munthu chibadwire. Koma amenewa ndi mayi odzuka tambala asanalire kukazinga mandasi, kenako kukatunga madzi, kenako kukhala pa msika mpaka dzuwa kulowa, ndipo fizi yanga yonse inachokera mu beseni lawo.

Ndinawamasulira mawu aja a "unemployed" kuti akutanthauza munthu wosagwira ntchito. Anayang'ana zikhatho zawo, nkuyang'ana mtsikanayo.

"Mwanawe, wati ndani sagwira ntchito?"

Ndinafufuta, nkulemba "self-employed". Tili m'minibasi pobwerera anandifunsa tanthauzo lake. Nditawauza kuti ndi munthu wodzilemba yekha ntchito, anati ndiye bwana wawoyo ndi wankhanza, sanawapatsepo holide.