Mapaundi 6 ndi anthu anayi a ku Thambani

Loweruka. Magetsi anazima m'mawa, choncho ine ndi amalume tinakhala pachigayo mpaka masana. Pamzere nkhani inali ya bambo wina wa kwathu kuno amene akufuna kudzaima paukhansala. Ali mnyamata anaba mbuzi, nakagwira ukaidi. Mayi wina anati wakuba sasiya, ndipo voti yake sangamupatse. Amalume ananditembenukira nati, "Mphwanga, za mapaundi 6 unazimvapo?"

Ndinazimva ndili mwana. Mu 1968 a Bakili Muluzi, ali kalaliki wa kukhoti, anapezeka olakwa pa mlandu woba mapaundi 6, nalamulidwa kukhala kundende miyezi 6. Pakampeni ya 1994 a MCP anaifukula nkhaniyi, kuiwala kuti chipani chawo chomwecho chinawapatsa a Muluzi unduna ndi ulembi wamkulu mlanduwo utachitika kale. Anthu anamva, koma pa 17 Meyi anawavotera. Ndikuona kuti pamenepo sanalakwe. Munthu anaweruzidwa, chilango analandira, zaka 26 zinadutsa. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino amatsekera munthu wopezeka ndi mlandu wachinyengo kwa zaka 7 zokha kuti asaime pa uphungu kapena upulezidenti. Ofuna kuwadzudzula a Muluzi ali ndi zaka 10 za ulamuliro wawo zoti aziunike, kuphatikizapo mlandu wa katangale wa K1.7 biliyoni umene unakhala kukhoti zaka zambirimbiri mpaka boma linauthetsa mu 2023 wopanda chigamulo. Umenewo ndi umene umandidetsa nkhawa, chifukwa sitinamve mapeto ake.

Magetsi atayaka tinagayitsa, tinanyamuka. Panjira amalume anayamba ina, mawu atatsika ngati kuti a payoniya akadali kuseri kwa tchire. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anapezeka atafa m'galimoto ku Thambani, m'boma la Mwanza. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi. Amalume akuti aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, koma kungofunsa kokha kunali kuika moyo pachiswe. Bungwe lofufuza la mu 1994, lotsogozedwa ndi woweruza a Harry Mtegha, linapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi. A Kamuzu Banda ndi a John Tembo anazengedwa mlandu, ndipo mu Disembala 1995 khoti linawapeza osalakwa. Mwezi wotsatira a Kamuzu anapepesa Amalawi pa zowawa za mu ulamuliro wawo, osatchula kuti analamula ndani.

Chigamulo cha khoti ndimachilemekeza. Komabe anthu anayi aja alipo amene anawapha, ndipo alipo amene anatuma. Ndikamva wandale akuti zakale tiziiwale, mtima umandiwawa, chifukwa mawu amenewo amathandiza amene sanayankhepo mlandu, pomwe wakuba mbuzi amene anamaliza chilango chake timamuloza chala mpaka imvi. Ana a Matenje ndi a Gadama tsopano ndi akuluakulu, ndipo boma silinawauzebe dzina la munthu amene analamula kuti bambo awo aphedwe.