Ndinasambitsa zitsulo, inde, koma imvani kaye

Musanamve kwa anyamata a shifiti ya usiku, amene awonjezera kale zoti ndinkaziimbiranso nyimbo, imvani kwa mwiniwakene.

Ukakhala watsopano pa makina a CNC, odula zitsulo motsatira pulogalamu ya kompyuta, chako ndi tsache. Umakokolola zinyenyeswa za chitsulo, umathira coolant (madzi oziziritsa mpeni) mu thanki, umapala m'mphepete mwa zitsulo zomwe anzako adula kuti zisacheke munthu. Ndiye madala amene amandiphunzitsa atanena kuti, "Mfana, lero uyendetsa wekha," ndinakonza kolala ya ovolosi.

Ntchito yake inali yosavuta: mabuloko a aluminiyamu odulidwa kale, ongofunika kusenga mamilimita 0.2 pamwamba ndi mpeni wosengera wotchedwa face mill kuti atsale 20.0. Kumanga mu vayisi, kutseka chitseko, kudina batani lobiriwira. Basi.

Tsono apa mvetserani bwino, chifukwa mlandu wanga wagona pamenepa. Pulogalamu ikakhala yatsopano, munthu wodziwa sayamba n'kudula. Amayamba wakweza Z mu offset, nambala yonena kuti mpeni utsike mpaka pati, mwina ndi mamilimita 50, kuti mpeni uyende m'malere aone ngati G54 (nambala zouza makina pomwe pali buloko) ndi utali wa mpeni zili m'malo mwake. G00, lamulo lothamangitsa mpeni, sicheza ndi munthu. Nambala imodzi ikaphonyeka, mpeni umalowa mu vayisi ndi liwiro lonse, shopu yonse n'kutembenuka. Madala anakwezadi Z. Makina ali mkati moyenda, kapitawo anawaitana, ndipo madalawo akuchoka anati, "Ikatha imeneyi, upitirize." Mawu awo ndi amenewo. Za 50 sanatchule. Ndikhoza kulumbira pakhoti.

Ine ndinapitiriza.

Abale inu, kukoma kwake! M03, spindle yogwira mpeni n'kuyamba kuzungulira. M08, coolant n'kuti phwaa pagalasi, mkati osaonekanso kanthu koma thovu loyera. Ine manja kumbuyo, chibwano m'mwamba. Makina a anzanga akulira, ena akuchita kunjenjemera, anga akungoti fuuu, mofatsa, mwaulemu. Ndinasuzumira pa sikirini, load ya spindle, yosonyeza mmene ikulemedwera, ili pansi penipeni, ndinati eya, dzanja labwino limadziwika tsiku loyamba. Mnzanga wa pa makina a lathe atadutsa n'kufunsa kuti bwanji kuli zii chonchi, ndinamuyankha ndi nkhope ya mphunzitsi kuti, "Nkhani ndi feed ndi speed, amwene." Ine amene, dzulo lake lomwelo ndinali ndi tsache m'manja.

Buloko ikatha ndinkaitulutsa ili noninoni ndi coolant, kuipemerera ndi mpweya, kuipukuta ndi kansalu, kuiyang'anitsa pa getsi, kugwedeza mutu movomereza, n'kuiika pa thireyi. Ina ndinachita kuisisita ndi chala chachikulu kuti ndimve kusalala kwa ntchito ya manja anga. Inali yosalaladi. Inabwera yosalala. Ndinazindandalika mizeremizere, zoyang'ana mbali imodzi, mpaka thireyi kudzaza, ndinakabwereka ina.

Mufunsa kuti sunayeze? Ndinayeza! Vernier inali m'manja mwanga m'mawa wonse. Kungoti ndinkayeza m'litali, ndipo m'litali munali bwinobwino buloko iliyonse, popeza palibe amene anakonza zodulamo. Komanso 0.2 ndi chiyani? Mapepala awiri osanjikiza. Amene amaona zimenezo ndi maso abwere adzandiphunzitse.

Madala atabwerera sanayang'ane n'komwe pa sikirini. Anaima, n'kutchera khutu. Anadikira kuti makina aime, anatsegula chitseko, n'kuyang'ana pansi. Pansi pali mbee, poti ungagonepo.

"Mfana, zinyenyeswa zili kuti?"

"Palibe, bwana. Akudula mwaukhondo kwambiri."

Sanaseke. Bola akanaseka. Anatulutsa micrometer m'thumba, n'kutenga buloko yoyamba: 20.2. Yachiwiri: 20.2. Anadumpha mzere wonse n'kutenga ya pakona: 20.2. Ndinayesa kunena kuti komatu zonse zikufanana ndendende, zomwe m'ntchito yathuyi ndi chinthu chonyaditsa, koma mawu anathera kukhosi. Kenako anatsitsa mpeni pang'onopang'ono ndi handwheel mpaka sikirini inawerenga Z0, pomwe mpeni umayenera kukhala wafika pa buloko, n'kulowetsa zala zitatu pakati pa mpeni ndi buloko. Zinalowa popanda kukhudza kanthu. Anazigwedeza zalazo mmenemo, akundiyang'ana, kwa nthawi imene kwa ine inakwana chaka chathunthu ndi tchuthi chomwe. Anaitananso wa pa lathe uja kuti naye adzalowetse zake.

"Ndiye kuyambira m'mawa," anatero, "makina odula chonchi, magetsi, coolant, iwe wakhala ukusambitsa ana?"

Komabe tiyeni tiwerengere mwachilungamo. Mpeni sunathyoke, ngakhale insert imodzi, kadzino ka mpeni, sinabenthuke. Vayisi ilibe bala. Buloko yotayidwa palibe, pomwe alipo akuluakulu ena m'shopu muno, sinditchula maina, amene tsiku lawo loyamba anasiya dzenje patebulo lomwe tonse timaliona mpaka lero. Ndipo amene anaika 50 uja si ine.

Madala anachotsa 50 yawo, tinabwereza mathireyi onse masana, zinyenyeswa zinabwera zambirimbiri, ndipo wosesa mukumudziwa. Ndinafunsa ngati maola owonjezerawo alembedwe ovataimu. Madala anati ndikafunse kapitawo. Sindinapitebe.