Kujambula Jal Mahal: malo ndi amodzi, nthawi ndiyo ya kusankha

Jal Mahal ndi nyumba yachifumu imene ili pakati pa nyanja ya Man Sagar mumzinda wa Jaipur, m'chigawo cha Rajasthan ku India. Ili ndi nsanjika zisanu, koma nyanja ikadzaza zinayi zimamira, n'kutsala yapamwamba yokha, ya timadenga tozungulira m'ngodya ndi mitengo pamwamba. Alendo salowamo. Aliyense amajambulira m'mbali mwa msewu wopita ku Amer, kumadzulo kwa nyanjayi, ndiye chosiyanitsa zithunzi ndi nthawi imene mwafikapo.

M'mawa dzuwa limatulukira kuseri kwa nyumbayi ndi mapiri a Aravalli. Fikani kutatsala mphindi 40 kuti lituluke. Mphepo imakhala isanayambe, madzi ali bata, nyumbayo ikuoneka kawiri, pamtunda ndi m'madzi. Vuto n'lakuti kamera ikaona mdima wa mapiriwo imawonjezera kuwala, thambo n'kungoyera mbee. Tsitsani exposure (kuwala kwa chithunzi) pa -1, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ikhale 100, aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala) f/8, ndipo jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona) kuti malo akuda mukawakonze pakompyuta. Ngati pa lens (diso la kamera) pali polarizer, galasi lochepetsa kunyezimira, ichotseni, chifukwa imatha kufufuta chithunzithunzi cha m'madzi chimene mwalawirira.

Nyumbayi ili patali ndithu. Lens ya 70-200mm ndiyo yoyenera. Ya 24mm imaisandutsa kabokosi ka machesi pakati pa madzi. Pa 200mm kagwedezeke kakang'ono kamaoneka, choncho ikani kamera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu) n'kutchera timer ya masekondi 2. Popanda tripod, shutter (chitseko cholowetsa kuwala mu kamera) isatseguke nthawi yopitirira 1/250 ya sekondi. A foni gwiritsani ntchito batani la 2x kapena 3x basi, kukoka ndi zala kumangowononga chithunzi. Onetsetsaninso kuti mzere wa gombe wagona mowongoka, poti pamadzi kupendekeka sikubisika.

Amene akufuna kuti mtundu wa miyala ndi mazenera zioneke bwino abwere nthawi yamadzulo, dzuwa lili kumsana kwawo likuwomba pankhope ya nyumbayo. Pamenepo anthu, ogulitsa malonda ndi ngamila zimakhala zitadzaza m'njira, ndiye pezani malo msanga. Dzuwa likalowa musathamangire kuchoka. Pakapita mphindi 20 mpaka 30, magetsi a nyumbayo akayaka thambo likadali labuluu, tsegulani shutter masekondi 10 mpaka 20, timafunde tisalale. Mdima ukagwiratu mumangotsala ndi kuwala kwachikasu pakati pa chikuda.

Za nyengo: mvula imagwa kuyambira July mpaka September, choncho October ndi November madzi amakhala ambiri. December ndi January kumabwera mbalame zochokera kutali, koma m'mawa nthawi zina kumachita chifunga chobisa mapiri. Kuyambira April mpaka June kutentha kumapyola madigiri 40, madzi amatsika, ndipo masana mpweya wotentha umanjenjemeretsa chilichonse chojambulidwa patali, ngakhale tripod ikhale yolimba motani.