Galasi la ku Kawale

Loweruka lapitali linali lachisanu ndi chimodzi chiyambireni kuphunzira kujambula ndi penti kwa bambo ena a ku Kawale. Iwo amagulitsa zithunzi ku Old Town, zija amakonda alendo: mlambe, dzuwa likulowa panyanja, amayi atasenza ndowa. Ine ndinkadziwa kuti tizingochita zomwezo. Koma tsikulo anandipatsa kagalasi kobenthuka pakona n'kunena kuti, "Lero mlambe upume. Jambula amene akukuyang'ana umu."

Ndinayamba ndi makala pansalu ya kaliko imene tinaipaka PVA woyera, penti wa m'nyumba uja, kawiri kuti isamwe penti. Nkhope inatuluka bwinobwino, yomwetulira. Bambowo anaiyang'ana pang'ono chabe. "Uyu ndi wa pa Facebook. Iweyo uli kuti, mwana wanga?"

Zinandiwawa, chifukwa ankanena zoona. Mayi anatisiya mu Meyi. Poti ndine woyamba kubadwa, za bokosi, za galimoto yopita kumudzi ku Ntchisi, za ufa wa pamaliro, zonse zinali pamutu panga. Anthu ankandisisita paphewa amvekere mwamuna salira, ine n'kumavomera. Kuchokera pamenepo aliyense akandipatsa moni ndimangoti ndili bwino, kaya inu, ndipo pakamwa panazolowera.

Kenaka anandionetsa pafoni chithunzi cha Frida Kahlo, katswiri wojambula wa ku Mexico. Mayiyu anachita ngozi ya basi mu 1925 ali ndi zaka 18, nagona pabedi miyezi ingapo. Makolo ake anamuikira galasi pamwamba pa bedi, ndipo pa moyo wake anadzijambula yekha koposa ka 50. Pa chithunzi cha 1944 chimene tinaonacho, thupi lang'ambika pakati, m'malo mwa msana muli chipilala chosweka, misomali yabaya paliponse. Misozi ikutsika, koma nkhope ili duu, ikukuyang'ana osaphethira. Chinandigwira mtima ndi nkhope youmayo, osati misomali. Ndinaizindikira.

Phunziro la mitundu ndilo linanditengera nthawi. Ndinkaganiza kuti khungu lathu limafuna penti wakuda. Ayi ndithu, wakuda amapha nkhope, imaoneka ngati mpoto. Umasakaniza wabulauni ndi wofiira, pamene pakuwala uwonjezere wachikasu, pamthunzi kadontho ka buluu. Nditayang'anitsitsa m'galasi ndinaona kuti m'munsi mwa maso anga mumafuna buluu wambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Tulo ndimapeza mwa apo ndi apo, koma ndinali ndisanaone kuti zimenezi zinalembeka pankhope.

Vuto linali pakamwa. Penti wa acrylic amauma msanga, makamaka ndi kutentha kwa Okotobala uno, ndiye ukalakwitsa sufufuta, umangopaka pamwamba. Ndinapaka pakamwa kanayi. Koyamba panamwetulira, kachiwiri panaoneka ngati ndikunyoza munthu, kachitatu panalira mopitirira muyeso ngati wa m'sewero, ndipo ndinachita nako manyazi. Kachinayi ndinangokoka burashi kamodzi, mzere wokhuthala wotseka milomo. Pentiyo anaunjikana moti ukapitsa chala umamva kachitunda. Ndinafuna kupala ndi mpeni kuti pasalale, bambo aja anandigwira dzanja. "Usiye. Pakamwa ponseponso pali pansipo ndi pako."

Sindikunena kuti chithunzicho ndi chokongola. Khutu lina lakwera kuposa linzake, khosi latalika ngati la nthiwatiwa, ndipo ku Old Town palibe angachigule. Koma kwa maola atatu ndinakhala ndi chisoni changa osathawira pafoni, chinthu chimene chinandikanika kuyambira mu Meyi.

M'minibasi yopita ku Area 25 ndinachifukata chitayang'ana pachifuwa kuti anthu asaone. Kunyumba mlongo wanga anachitembenuza, nakhala chete kanthawi. "Achimwene, bwanji simunanene?" Ndinasowa choyankha. Anakachiimika pa kabati pafupi ndi chithunzi cha mayi, n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Loweruka likubwerali akuti tijambula manja.