Lachitatu: deki ya kutsogolo yakhala pamalo pake

Lero linali tsiku la deki (thabwa lophimba pamwamba) ya kutsogolo kwa boti la matabwa la mamita 6, lomwe tikulikonzera ku Chirimba lisanabwerere kunyanja ku Mangochi. Deki yakale tinaichotsa dzulo, ndipo mmawa uno tinayamba taiona bwinobwino kuti tidziwe chinaipha. Pakati pa thabwa panali polimba. Kuwola konse kunali m'mbali ndi mozungulira misomali, yomwe inali yachitsulo wamba, yodyeka ndi dzimbiri. Pulayiwudi amamwa madzi kwambiri kudzera m'mphepete modulidwa ndi m'mabowo kuposa pamwamba. Ntchito ya lero yonse yatsamira pamenepo.

Mitanda iwiri yapansi pa deki inali yofewa moti sikurudiraiva imalowa popanda kukankha. Taika yatsopano ya mlombwa wouma, yotalikirana mamilimita 400, ndipo pamwamba pake tapala kuti pakati pakwere mamilimita 70 pa boti la mamita 1.8 m'lifupi. Kukwerako n'kofunika: deki yathyathyathya imasunga madzi, ndipo nthawi ya mwera mafunde amakhavukira kutsogolo kosalekeza.

Pulayiwudi ndi wa marine, wopangidwira maboti, wa mamilimita 12, mapepala awiri a mamilimita 2440 x 1220, okhala ndi chidindo cha BS 1088, muyezo wa ku Britain wa pulayiwudi wa pamadzi. Chidindo chokha musachikhulupirire. Dulani kachidutswa, kawiritseni m'madzi kwa ola limodzi kapena awiri, kenako yesani kulowetsa mpeni pakati pa magawo ake. Akayamba kumatuka, guluu wakeyo si wa pamadzi, ndipo thabwalo kapangireni kabati. Onaninso m'mbali: ngati muli timipata pakati pa magawo, madzi adzakhala mmenemo. Athuwa apirira.

Sitinadule pongoyeza ndi tepi, chifukwa mbali ziwiri za boti lakale sizifanana. Tinayala makatoni pamitanda, n'kujambula mozungulira kunsi kwake, n'kusamutsira pathabwa, kusiya mamilimita 15 owonjezera oti tidzapale deki itamangidwa kale. Utali wa pepala uziloza kutsogolo ndi kumbuyo kwa boti; likatero limapindika mosavuta potsatira kukwera kwa mitanda. Polumikiza mapepala awiri tinasema mbali zonse mopendeketsa, mamilimita 96, ndiko kuti kukhuthala kwa thabwa kuchulukitsa ka 8. Mizere ya magawo a pulayiwudi imakuuzani yokha ngati mwapala bwino: ikhale yowongoka ndi yotalikirana mofanana. Ikakhota, pali chitunda kapena dzenje.

Tisanamange chilichonse, kunsi kwa thabwa ndi m'mbali monse tinapaka epoxy, mankhwala omata amene akauma amatchinga madzi. Apa ndi pamene ambiri amathamangira, poti kunsi sikuoneka, koma deki ikamangidwa simudzafikakonso bwino. M'mbali tinabwereza katatu, chifukwa mumamwa msanga n'kuoneka ngati simunapakidwe.

Epoxy wathu ndi wosakaniza magawo awiri a resin (utomoni wake) ku gawo limodzi la hardener (mankhwala oumitsa). Tsatirani zolembedwa pachitini chanu, poti ena ndi 5 ku 1, ndipo kuwonjezera hardener sikufulumizitsa kuuma, kumangosiya zomata zosalimba. Kutentha kwa Okutobala kuno ku Blantyre kumafupikitsa nthawi yogwirira ntchito. Epoxy wambiri akakhala m'kapu yakuya amadzitenthetsa yekha mpaka kufuka utsi n'kuuma muli chigwirire. Sakanizani mamililita 150 okha, thirani m'mbale yosaya, gwirani ntchito pamthunzi. Musapakenso mmawa dzuwa likukwera: thabwa likamatenthedwa limatulutsa mpweya, ndipo pamwamba pamadzadza tithovu tosiya timabowo. Ife tinadikira mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Magolovesi musawaiwale, epoxy wosauma amayambitsa ziwengo.

Guluu womatira pamitanda ndi epoxy yemweyo wothira utuchi wosefa mpaka alimbe ngati chiponde. Tinayamba kumanga pamzere wapakati kupita m'mbali, ndi masikuluwu a stainless A4 (osachita dzimbiri msanga) a mamilimita 4 x 35, otalikirana mamilimita 150, bowo lililonse litabooledwa kale ndi kudonthezedwa epoxy. Musamange mopitirira muyeso. Guluu akangotuluka pang'ono m'mbali, basi. Mukafinya yense, polumikizapo pamatsala pouma. Wotulukayo tinapala asanaume, chifukwa mawa akanafuna tchizulo.

Mawa tipala zotsala m'mbali ndi kuzungulitsa ngodya zakuthwa mamilimita osachepera 6, poti nsalu ya fibreglass yomwe tikutire pamwamba pa deki sikhota pangodya, imanyamuka n'kusiya mpweya kunsi. Nsaluyo ndi ya magalamu 200 pa sikweya mita, yopitirirana mamilimita 50 polumikiza. Tigwiritsanso epoxy, osati utomoni wa polyester, womwe ndi wotchipa koma sagwira bwino pathabwa ndipo amadzasendeka. Tisanakwechese ndi sandipepa titsuka ndi madzi kuchotsa kautoto konga phula kamene kamabwera pamwamba pa epoxy wouma, kenako penti yoyera yothira mchenga wosefa kuti mapazi onyowa asaterereke. Epoxy wosapakidwa penti dzuwa limamuwononga.