Lipoti la ulendo wa ku Vietnam: zida zinalipo, asilikali analipo, nanga chinavuta n'chiyani?

Gulu lathu la ophunzira za ndale ndi mbiri ya nkhondo linapita ku Vietnam ndi funso limene takhala tikukanganirana pa misonkhano yathu: bwanji asilikali ophunzitsidwa ndi mayiko akunja, opatsidwa zida zamphamvu ndi ndalama zankhaninkhani, amabalalika owaphunzitsawo akangolongedza katundu? Tinasankha Vietnam chifukwa nkhondo yake inatha kale ndipo malo amene zinachitikira munthu amawaona ndi maso. Lipotili ndalembera anzathu amene munatsala.

Tinayambira mumzinda wa Ho Chi Minh, umene kale unali Saigon, pa nyumba yosungiramo zotsala za nkhondo yotchedwa War Remnants Museum. Pabwalo pake pali ndege, mahelikopita, akasinja ndi mizinga ya ku America. Ambirife tinathamangira kujambulitsa. Koma bambo wina wa m'gulu lathu, amene anapuma usilikali, anazungulira helikopita imodzi mwakachetechete, kenako n'kufunsa kuti chinthu chimenechi chimamwa mafuta ochuluka bwanji, ndipo chikawonongeka amakonza ndani. Funso lawolo ndi limene linatsegula nkhani ya ulendo wonse.

Mu 1969 Pulezidenti Richard Nixon anayamba kuchotsa asilikali a America pang'onopang'ono, nkhondo n'kumaisiya m'manja mwa boma la South Vietnam (kum'mwera), limene linkamenyana ndi achikomyunizimu a North Vietnam (kumpoto). Pofika pa pangano loletsa nkhondo la ku Paris la pa 27 Januwale 1973, bomalo linali ndi amuna onyamula mfuti pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ndege zake zankhondo zinali m'gulu la zochuluka kwambiri pa dziko lonse. Vuto linali kamenyedwe kamene anawaphunzitsa. Anazolowera nkhondo ya anthu olemera: mdani akaoneka, itanani ndege ndi mizinga, mukafuna kusuntha, kwerani helikopita. Mafuta atakwera mtengo kumapeto kwa 1973, aphungu a ku America n'kudulanso thandizo la zida kufika pa madola 700 miliyoni, zipolopolo za mizinga anayamba kuperekera chowerenga, ndege zambiri n'kungokhala pansi kusowa masipeyala. Bambo aja anati msilikali wophunzitsidwa chonchi akamuchotsera ndege amakhala wosokonezeka kuposa amene sanaziloweretsepo n'komwe.

Tinakhalitsa ku Independence Palace, kumene kunali nyumba ya pulezidenti wa South Vietnam. Pakapinga pali akasinja awiri okumbutsa aja a asilikali a kumpoto a nambala 843 ndi 390 amene anafika pa geti pa 30 Epulo 1975, tsiku limene pulezidenti womaliza, Duong Van Minh, anagonja atalamulira masiku awiri okha. Kuchipinda chapansi panthaka mamapu a nkhondo akadali pakhoma, mawailesi ndi matelefoni akadali patebulo. Padenga pali zizindikiro ziwiri zofiira, pamene panagwera mabomba pa 8 Epulo chaka chomwecho. Woponyayo anali Nguyen Thanh Trung, woyendetsa ndege wa boma lomwelo, wophunzitsidwa ku America, amene mtima wake unali kwa adani. Luso anamupatsa ndithu. Kumene lusolo lidzaloze analibe nako mphamvu.

M'chipinda cha mamapu muja ndi mmene ine ndinaonera kuti kugwa kunayambira kumutu. Pulezidenti Ngo Dinh Diem anaphedwa mu Novembala 1963 akuluakulu ake omwe a asilikali atamuukira, ndipo amene anabwera pambuyo pake sanaiwale. Pulezidenti Nguyen Van Thieu ankakweza pa udindo anthu owakhulupirira kuti sangamulande boma, kaya nkhondo akuidziwa kaya ayi. Tauni ya Buon Ma Thuot italandidwa mu Malichi 1975, iye analamula mwadzidzidzi kuti asilikali achoke ku Pleiku ndi Kontum. Panalibe dongosolo. Anadzera msewu wakale wa 7B, anthu wamba n'kuwatsatira, ndipo ambiri anathera panjira. Asilikali ochuluka ankakhala ndi mabanja awo pafupi ndi misasa, choncho mphekesera yothawa itamveka, aliyense anathamangira kukapulumutsa mkazi ndi ana. Ndani angawadzudzule? Mzinda wa Hue unagwa, wa Da Nang n'kutsatira pa 29 Malichi.

Ku Cu Chi tinakwawa m'mauna amene zigawenga za chikomyunizimu zinakumba pansi panthaka, otalika makilomita oposa 200. Za kupanikizika kwa mmenemo sindinena zambiri. Ena a ife anabwerera pakhomo. Mfundo yofunika inachokera kwa mayi wina wa m'gulu lathu, mphunzitsi wa mbiri yakale. Anatikumbutsa kuti a kumpoto nawonso mfuti, akasinja ndi mizinga ankalandira kuchokera ku Soviet Union ndi China. Ndiye kulandira zida zakunja pakokha si kumene kumagwetsa gulu lankhondo. Kusiyana kwake, anatero mayiwo, n'kwakuti a kumpoto nkhondo inali yawo: akuluakulu ankasankha okha, kamenyedwe ankakonza okha, ndipo mlendo ankangobweretsa katundu.

Panjira yopita ku Xuan Loc, kum'mawa kwa mzinda, m'basi munabuka mkangano. Mnyamata wina anati tisazungulire, asilikali oterewa amangokhala amantha ofuna malipiro. Bambo opuma usilikali aja sanakondwe. "Achimwene, musanyoze anthu amene simunagone nawo m'dzenje limodzi," anatero. Ku Xuan Loc gulu la 18 la asilikali a kum'mwera, motsogozedwa ndi Le Minh Dao, linatsekereza adani owaposa kutali chiwerengero kuyambira pa 9 Epulo kwa masiku oposa khumi, boma lawo lili pafupi kutha. Mkulu wawoyo anakhala m'ndende za opambanawo zaka 17. Asilikali a South Vietnam amene anafa pa nkhondo yonse ndi pafupifupi 250,000, pamene a America ndi 58,000 ndi kakuti. Ku Afghanistan nakonso asilikali ndi apolisi oposa 60,000 anafa Kabul isanagwe. Anthu amantha safa chonchi. Pamene panali mtsogoleri wokhulupirika, chakudya ndi zipolopolo, ankamenya.

Madzulo tikamakambirana, nkhani inkafalikira ku mayiko ena, ndipo kufanana kwake kunali kodabwitsa. Ku Iraq, Paul Bremer, amene America inamuika kuti ayendetse dzikolo italilanda, anathetsa gulu lankhondo lakale mu Meyi 2003, America n'kuyamba kumanga latsopano ndi madola mabiliyoni. Nduna yaikulu Nouri al-Maliki inadzaza maudindo ndi anthu ake, ndipo anthu ambiri a ku Mosul ankaona asilikaliwo ngati gulu lodzawapondereza. Mu Juni 2014 mzindawo unagwa m'manja mwa zigawenga za Islamic State zochepa kwambiri poyerekeza ndi asilikali olembedwa m'kaundula. Chakumapeto kwa chaka chomwecho nduna yaikulu yatsopano, Haider al-Abadi, analengeza kuti apeza maina 50,000 a asilikali omwe kulibe, malipiro awo akulowa m'matumba a akuluakulu. Katangale ameneyu ku South Vietnam analiponso. Choipa chake si ndalama zobedwa zokha: wokonza nkhondo amaganiza kuti pa phiri lakutilakuti pali anthu 100 pamene alipo 40, ndipo 40 amenewo akudziwa bwino amene akudya malipiro a enawo.

Afghanistan inatikumbutsa helikopita ya pa museum ija. America inawonongerapo madola oposa 80 biliyoni pa asilikali ndi apolisi, koma ndege zawo zinkakonzedwa ndi amakaniko a makampani akunja, omwe anachoka limodzi ndi asilikali a America mu 2021. Misasa yakutali inasowa owatumizira chakudya ndi zipolopolo. Kuwonjezera apo, pangano la ku Doha la pa 29 Febuluwale 2020 America inasainirana ndi a Taliban boma la Afghanistan palibe. Msilikali wa kumudzi anawerenga yekha zizindikiro: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pamene a Taliban akudziwa kwawo ndi abale ake. Madera ambiri anaperekedwa kwa a Taliban mokambirana, popanda kuwomba mfuti, mpaka Pulezidenti Ashraf Ghani anathawa pa 15 Ogasiti 2021.

Mali inabweretsa vuto la mtundu wina. Kaputeni Amadou Sanogo, amene analanda boma mu Malichi 2012, anachitako maphunziro a usilikali ku America. Mayiko a European Union anayamba kuphunzitsa asilikali a dzikolo mu 2013, komabe mu 2020 ndi 2021 boma linalandidwanso. Pa ine ndekha ndikuona kuti apa m'pamene ophunzitsa akunja amadzinamiza kwambiri. Malipoti awo amawerenga zowerengeka, monga asilikali amene amaliza maphunziro ndi mfuti zimene zagawidwa, chifukwa alangizi amasinthana pakangopita miyezi ndipo aliyense amafuna kubwerera kwawo ndi mbiri yabwino. Zoti msilikaliyo amakhulupirira boma limene akulitumikira sizilowa m'lipoti.

Pa mfundo imodzi sitinagwirizane. Ena anatchula South Korea, kumene asilikali ophunzitsidwa ndi America anabalalika mu 1950 koma lero ndi amphamvu zedi. Anati chinsinsi n'chakuti America sinachokeko, ndipo asilikali ake oposa 28,000 akadali komweko. Mayi mphunzitsi aja anatsutsa kuti ku Korea boma ndi chuma zinakula mpaka dzikolo linayamba kudzilipirira lokha, pomwe ku Afghanistan zaka 20 sizinakwanitse zimenezo. Wina anatchula Najibullah, pulezidenti wakale wa Afghanistan, amene boma lake linapirira zaka zitatu asilikali a Soviet Union atachoka mu 1989, n'kudzagwa mu Epulo 1992 mafuta ndi ndalama zochokera ku Moscow zitasiya kubwera. Mbali zonse ziwiri zinati chitsanzochi chikuikira kumbuyo iwo. Tinagwirizana kuti nkhani ya Korea ndi ya Najibullah ikhale yoyamba pa msonkhano wotsatira, ndipo mayi aja ndi bambo opuma usilikali avomera kudzaitsogolera.