Bodi yosankha anthu oti aisankhe

Anzanga, lero mtima wakhala pansi. Nkhani ya ulamuliro m'mabungwe omwe cholinga chawo si kupeza phindu, yomwe yandizunguza mutu temu yonseyi, yalowa tsopano. Za AGM (msonkhano waukulu wa pachaka) ndi koramu (chiwerengero cha anthu ofunika kupezekapo kuti msonkhano ukhale wovomerezeka) sindibwereza, nonse mukuzidziwa.

Kuti mamembala amavota, aliyense amanena. Koma ndani amasunga kaundula wa mamembala, ndipo ndani amaitanitsa msonkhano? Zonse ziwiri zikakhala m'manja mwa bodi, ndiye kuti bodiyo ikusankha yokha anthu oti aisankhe. Tiyerekeze bungwe lili ndi mamembala ku Makanjira, ku Namwera ndi ku Monkey Bay. Bodi yaika msonkhano waukulu pa Boma pa Mangochi mu February, mvula ili pakati, msewu wa ku Makanjira utavuta. Amene achedwa kulipira ya umembala afufutidwa m'kaundula mwakachetechete. Abwera ndi anzawo a wapampando, koramu yakwana, manja m'mwamba, bodi yomwe ija yabwereranso. Ndipo palibe lamulo lomwe lathyoledwa!

Zimatengeranso mmene bungwelo linalembetsedwera. Likalembetsedwa pa lamulo la Trustees Incorporation Act, amene lamulo limawazindikira ndi matrasti, anthu oikidwa kuyang'anira bungwelo, katundu amasunga ndi iwo, ndipo membala ali ndi mphamvu yokhayo yomwe malamulo a bungwelo amupatsa. Ku kopaletivu, monga SACCO, membala mmodzi voti imodzi, kaya masheya ake ndi ochuluka chotani. Za kulembetsa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, yomwe inalowa m'malo mwa NGO Board mu 2022, zimabwera pambuyo, bungwe litabadwa kale.

Chandithandiza ndi mivi. Ndimatenga pepala n'kujambula: uyu amasankha uyu, uyu angathe kuchotsa uyu. Muvi ukachoka pa bodi n'kubwerera pa bodi pomwepo, mamembala angokhala oombera m'manja. Ine ndikuti njira imeneyi ingakhozetse munthu phunziro lililonse, ngakhale akaunti, musanditsutse. Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi athu sanajambulepo ngakhale kamodzi. Amangotiwerengera ndime ndi ndime masana dzuwa likuswa mtengo, ukafunsa akuti "zili m'manotsi", pomwe mayeso ali pakhomo.

Pamene pakundivutabe ndi apa. Mukachotsa kaundula m'manja mwa bodi kuti aliyense wolipira azilowa, munthu wandalama angathe kulipirira mudzi wonse umembala, AGM ikakwana n'kulanda bungwe lonse. Ndiye kaundulayo asunge ndani? Komiti yapadera? Nanga komitiyo aisankha ndani? Ndajambula kangapo, mivi ikungozungulira. Mwina wina mwa inu anazimva bwino m'kalasi muja.